Nyenyezi Zisanu za Vinyo wa Chidede

Kuseri kwa zigafa za fodya, pa esiteti yomwe inachita malire ndi mudzi wathu kuno ku Namitete, kuli kanyumba kaudzu komwe kamapuma ngati munthu. Ukaima pakhomo n'kutchera khutu, umamva: bwu... bwu... bwu. Zimenezo ndi zigubu za Lyton. Chilichonse chili ndi kapaipi kotulukira pa chivindikiro n'kukamira m'botolo la madzi, ndipo vinyo akamapsa m'katimo, mpweya umatuluka mwaulesi, thovu limodzi, kenako lina.

Ine Takondwa, mwana wa a Mbewe, mkulu wa mpingo, sindinkayenera kukudziwa kupuma kumeneko. Koma chimalizireni Fomu 4 masiku anga anatalika ngati msewu wa ku Mchinji, ndipo mtsikana amene watumidwa kukatola nkhuni sasowa njira yodzera kumene kuli mtima wake.

"A Nambewe afika," anatero Lyton osatembenuka. Anali atakhala pa njerwa, lichero lili pamiyendo, akusankha chidede. Zala zake zinali psuu ngati wangopha nkhuku.

"Wadziwa bwanji?"

"Ndamva mafuta odzola. Mapazi a Mchewa ndingawamve? Inu mumayenda monyang'ama, munazolowera kuzembera mbewa."

"Bola mbewa. Inu a ku Phalombe mumaphika kalongonda tsiku lathunthu kuti asakupheni, mukatero n'kumati mwadya zabwino."

Anaseka, ine n'kukhala pa njerwa ina, pafupi koma osati pafupi kwambiri. Kunali chisanu cha Juni, mphepo ikuwomba mapesi ouma, koma pambali pa mnyamata ameneyo ndinkaiwala kuti ndasiya juzi kunyumba.

Makolo a Lyton ndi matenanti. Chaka chino chifuwa chawavuta bambo ake, fumbi la fodya silikuwayanjanso, ndiye analengeza kuti mabelo omaliza akangogulitsidwa, banja lonse likwera lole kubwerera kwawo, osadzabweranso. Lyton anali ndi njira imodzi yokha yotsalira kuno: vinyo wake apeze msika.

"Kwagwanji ku gulu lero?" ndinafunsa.

Gululo ndi la pa Watsapu, dzina lake Kapu Imodzi Basi. Muli aphunzitsi, anamwino, ophika m'maloji, anthu a ku Lilongwe, ku Zomba, ku Mzuzu, onse okonda vinyo wa zipatso zathu zomwezi: malambe, nthochi, bwemba, masuku. Wopanga vinyo amatumiza mabotolo pa minibasi, iwo amalawa, amakangana, kenako aliyense amapereka nyenyezi, kuyambira imodzi kulekeza zisanu. Adimini wake ndi a Amon, omwe ali ndi shopu m'tauni, ndipo vinyo amene gulu lamufikitsa pa nyenyezi zinayi amamuika pa shelefu yawo. Lamulo lawo ndi limodzi: usapereke nyenyezi pa chimene sunalawe. Wopanga vinyo akapezeka kuti abwenzi amuthirira nyenyezi zabodza, amachotsedwa, ndipo dzina lake silitchulidwanso.

Lyton anandilowetsamo kuti ndiziwerenga, ndipo ndinkawerengadi mpaka bandulo kutha. Anthu amenewo amakamba za vinyo ngati akujeda munthu. Uyu ali ndi thupi. Uyu ndi wamwano. Uyu akadali mwana, musiyeni agone kaye.

"Ndikadali pa zitatu ndi kachidutswa," anatero Lyton. "Dzulo mayi wina wa ku Zomba wandipatsa zinayi. Koma bambo uja wa ku Mzuzu akuti vinyo wanga amathamanga, sakhala pa lilime."

"Akudziwa chiyani ameneyo? Mwina analawa atangodya usipa."

"Usamunyoze. Ndi amene anandipatsa ziwiri poyamba paja, n'kunena kuti ndatumiza viniga. Ndinasowa tulo, ndithu. Koma ndi yemweyo anandiuza kuti ndizitsuka zigubu ndi madzi owira, ndisamathire shuga mongoyerekeza ngati ndikupanga tiyi wa pa maliro. Nyenyezi ziwiri za munthu woona zinandiphunzitsa zimene a pa esiteti pano onse sanandiuze. A pano amangoti, 'Eee, akukoma, thira wina.'"

"Ndiye udikira mpaka liti? Lole sidikira nyenyezi."

Lyton anadzuka. Analowa m'kanyumbamo n'kutuluka ndi kabotolo kakang'ono, kukamwa kwake komata ndi phula la njuchi. Anakaika m'manja mwanga n'kupinda zala zanga pamwamba pake, ndipo zala zake zinandisiyira madontho ofiira.

"Sindikukukakamiza. Za kwanu ndikuzidziwa. Koma anthu onsewa amalawa vinyo wa Lyton amene sanamuonepo. Ndimalakalaka munthu mmodzi yekha amene amandidziwa atalawa n'kundiuza zoona."

Nkhuni za tsiku limenelo ndinatola zaziwisi. Amayi anakalipa mpaka utsi kutha, ine osamva kanthu.

*

Kabotoloko ndinakabisa m'sutikesi, pansi pa yunifolomu yanga yakale. Masana, amayi akapita kudimba, bambo ali kumunda, ndinkakatulutsa n'kukayang'anitsa kudzuwa pa zenera. Khoma lonse linkafiira. M'kufiirako ndinkaona shopu ya m'tauni, mabotolo atandandalikidwa, aliyense wolowa akuwerenga dzina la Lyton, ine nditavala diresi yobiriwira ndikulongosolera azimayi a magalasi akuda mmene chidede chimathyoledwera. Ndinkaona kanyumba ka malata pafupi ndi msika wa Namitete, kuseri kwake zigubu zikupuma, kumaso kwake ine ndikuyanika matewera. Ndikafika pa matewerapo ndinkadzigwira pakamwa n'kuseka ndekha.

Koma phulalo sindinalimatule. Ndikangoikapo chikhadabo, ndinkamva mawu a bambo tsiku limene ndinamaliza kalasi ya chikhristu: m'nyumba ya Mbewe simulowa choledzeretsa, ngakhale cha mankhwala. Ndinkabwezera kabotoloko n'kudziuza kuti mawa.

Ndiye a Amon analemba pa gulu kuti mwezi ukamatha atseka zolawa za chaka chino, ndipo pa shelefu patsala malo a vinyo mmodzi yekha. Tsiku lomwelo ndinadutsa pa esiteti n'kuona matenanti akudinda mabelo, zigafa zitayamba kuonekera mkati ngati nthiti za ng'ombe yoonda. Ndinabwerera kunyumba, ndinakhala pa mphasa, kabotolo dzanja lino, foni dzanja linalo. Ndinadziuza kuti vinyo ameneyu ndikumudziwa kale. Kodi sindinamuone akubadwa? Fungo lake si limene limanditsalira m'tsitsi? Nanga kulawa n'chiyani, si kungovomereza zimene mtima wadziwa kale?

Ndinalemba:

"Vinyo wa chidede wa Lyton, wa ku Namitete. Mtundu wake ndi wa dzuwa la Juni likamakalowa ku Mchinji. Pa lilime amafika mwamanyazi, ngati mlendo amene sakudziwa pokhala. Kenako amazolowera, amawawasa pang'ono, amakuseka. Akamapita amasiya kutentha pachifuwa, ngati munthu amene wakutsanzika koma waimabe pachipata. Nyenyezi zisanu."

Ndinatumiza ndisanapume.

Foni inayamba kunjenjemera ngati mwanapiye wonyowa. Mayi wa ku Zomba analemba kuti, "Mtsikana iwe, wandipatsa ludzu ndili pa ntchito." Wina anati, "Ameneyu anali kuti nthawi yonseyi?" Ngakhale bambo wa ku Mzuzu anafewa: "Mwina ndinalawa mofulumira. Ndiganizenso." Pomaliza panabwera a Amon: "Ndi nyenyezi za Takondwa, wa chidede wafika pa zinayi. Akakhala pomwepo mpaka kutha kwa mwezi, shelefu ndi yake."

Kenako foni inalira. Ndinathamangira pansi pa mango kukayankha.

"Unalawa," anatero Lyton. "Takondwa, unalawa chifukwa cha ine?"

"Wawerenga?"

"Ndawerenga mpaka ndaloweza. Zija za kutentha kotsalira pachifuwa, ndi zimene ndakhala ndikuzisaka chaka chonse. Ndimayesa sindinazipeze. Iwe wazimva."

"Netiweki ikuvuta," ndinatero, ndili pansi pa mango pomwe netiweki sinavutepo chiyambire.

*

Masiku otsatirawo anali okoma ngati nzimbe yakuba. Tinakumana kudambo, kumene ng'ombe za pa esiteti zimakamwa, ndipo Lyton anali ngati wamera mapiko. Ankayenda chambuyo kutsogolo kwanga kuti azindiona nkhope.

"Ndawauza makolo kuti ine nditsala."

"Ati bwanji?"

"Amayi alira. Bambo akuti nyenyezi sizidyedwa, iwo aziona kumwamba zaka zonsezi koma sanakhutepo. Ndawayankha kuti izi ndi za m'foni, zimatsika."

"Ndiye ukhala kuti? Kanyumba kaja ndi ka eni esiteti."

"Ndipeza chipinda pa Namitete. Zigubu kuchipinda, ine pakhonde." Anaima, ndipo ndinatsala pang'ono kumugunda. "Vinyoyu alibe dzina, ukudziwa? A Amon akuti botolo la pa shelefu limafunika dzina. Ndaganiza ndimutche Nambewe."

"Wapenga! Dzina la bambo anga pa botolo la mowa?"

"Si mowa, ndi vinyo."

"Ukawauze a Mbewe kusiyana kwake, uone ngati ubwerako ndi makutu onse awiri."

"Ndidzawauza. Osati ine, amalume anga. Akadzabwera kudzaona makolo asanakwere lole, ndiwapempha adzagogode pakhomo panu." Anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana ng'ombe. "Munthu amene wamva zimene ndimafuna kunena ndisanazinene, ndingamusiyirenso wina?"

Akakowa oyera anadzuka m'dambomo onse pamodzi, ndipo ndinawatsatira ndi maso mpaka kuzimiririka. Chilungamo chinali pammero panga, chaching'ono ngati mbewu ya bwemba. Ndinachimeza. Ndinati mwezi uthe kaye, shelefu ikhale yake, lole ipite yopanda iye. Zotsalazo ndidzamuuza tili pakhonde pathu, adzaseka.

*

Gloria anabwera kudzabwereka nsapato zanga zazitali. Tinaphunzira kalasi imodzi ku sekondale, koma iye anapeza ntchito yoperekera zakudya pa loji ina ya ku Msundwe, ndipo chiyambireni kuvala siketi yakuda ya kuntchitoko amayenda ngati pansi pano ndi pa galasi. Nayenso ali m'gulu lija. Kangapo konse anamuuza Lyton kuti asavutike ndi zigubu, iye amupezera ntchito ku lojiko, ndi chipinda chomwe, choyandikana ndi chake.

"Wolemba wathu!" anafuula akulowa kuchipinda kwanga osaodira. "Ine ndalawa vinyo wa ku Joni ndi wa konkuno, koma palibe amene ananditsanzikapo pachifuwa. Unayamba liti kumwa, mwana wa abusa?"

"Bambo anga si abusa."

"Abusa, mkulu wa mpingo, onse jekete ndi imodzi. Nsapato zili kuti?"

Ndisanadzuke pa mphasa anali atatsegula kale sutikesi. Ananyamula yunifolomu, n'kuima. Kenako anatulutsa kabotolo kaja pang'onopang'ono, n'kukayang'anitsa pa zenera monga momwe ndinkachitira ine. Kanali kodzaza mpaka m'khosi, phula lili chimatireni.

"Aaa," anatero. "Lilime lako ndi lamatsenga, mnzanga. Limalawa kudzera m'galasi."

"Kanalipo kena. Aka ndi kachiwiri."

"Eti? Lyton anandiuza yekha kuti kakang'ono anathira kamodzi, ka munthu wake wapamtima. Ine ndimayesa ndi ka amayi ake."

"Gloria, chonde."

"Chonde chiyani? Ine ndabwerera nsapato." Anakagoneka bwinobwino, n'kukafunditsa yunifolomu ngati khanda. Anavala nsapato zanga, anayenda nazo uku ndi uku, anadziyang'ana kumapazi. Ali pakhomo anatembenuka. "Chimene chikundimvetsa chisoni ndi mnyamatayo. Akuyenda pa esiteti ngati wakwezedwa kukhala kapitawo, akuti pali mmodzi amene wamumvetsa. Koma usadandaule. Akachotsedwa m'gulu muja, ku loji malo alipobe. Ndimusamala."

*

Mawa lake linali tsiku la Chigwirizano cha amayi ku tchalitchi, ndipo Gloria anatchera misampha iwiri pa njira imodzi.

Woyamba unali pa gulu. "A adimini, funso chabe," analemba. "Takondwa uyu ndi mwana wa mkulu wa mpingo, kwawo ngakhale thobwa logona salilola. Komanso ndi chibwenzi cha Lyton. Analawadi?"

Patapita nthawi a Amon analemba: "Takondwa, kuno timakhulupirira pakamwa pa munthu. Mutiuze dzuwa lisanalowe: munalawa kapena ayi? Ngati ayi, lamulo mukulidziwa, ndipo Lyton akulidziwa."

Wachiwiri unabwera ndi amayi anga. Analowa pabwalo duku loyera litapendekeka, foni ili m'mwamba ngati agwira njoka. Chithunzi cha mawu anga, chimene Gloria anatumiza, chinali chitazungulira amayi onse a Chigwirizano, benchi ndi benchi.

"'Amasiya kutentha pachifuwa!' Pachifuwa pa yani? Ine ndakhala m'tchalitchi muja ngati ndavula! Bambo a Takondwa, tamuonani mwana wanu, wayamba kugawa nyenyezi ngati ndiye Namalenga!"

Bambo anali pakhonde akumata chubu cha njinga. Anapukuta manja, anavala magalasi, analandira foni ija. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Atafika kumapeto anayambiranso. Ine ndinali nditagwada kale.

"Takondwa, mawu awa ndi ako?"

"Ndi anga, bambo."

"Unamwa?"

Ndikati ayi, amayi akalengeza mudzi wonse kuti ayeretse dzina la banja, Gloria amva asanavule nsapato zanga, a Amon amuchotsa Lyton, ndipo lole imutenga kapena loji imumeza. Ndikati inde, ndawanamiza bambo anga maso ndi maso. Ndinayang'ana pansi. Nyerere ina inkakoka kambewu ka udzu kokulirapo kuposa iyo, ndipo ndinaitsatira ngati kuti yankho lili kumene ikupita.

Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anabwezera chubu, anapopa tayala, anavala jekete ndi chipewa, n'kupalasa kulowera ku tchalitchi.

"Apita kwa akulu anzawo," anatero amayi, akukhala pansi ndi yunifolomu yawo yomweyo. "Wawapha ndi manyazi, mwana iwe."

Ndinalowa kuchipinda mutu ukuwira, n'kudzitsekeramo mpaka masana kutha. Onse aweruza kale kuti ndinamwa. Chilango ndalandira, chatsala ndi tchimo lokha. Nanga ndilipiriranji chinthu chimene sindinachilawe? Ndinakulunga kabotolo m'chitenje, ndinatulukira kuseri, n'kuyamba kuthamanga.

*

Lyton ndinamupeza m'kanyumba kake, ataima pakati pa zigubu, foni ili m'manja.

"Waona zimene walemba Gloria? Nsanje basi. Ungoyankha kuti unalawa, nkhani ithe."

Ndinamasula chitenje n'kuimika kabotolo pamwamba pa chigubu. Anakayang'ana. Anakanyamula, anayendetsa chala pa phula. Zigubu zinkapuma, ife ayi.

"Phula langa ili," anatero pomaliza. "Chala changa chikuoneka apa."

"Lyton..."

"Ndiye zija za mlendo wamanyazi, za munthu woima pachipata, unazitenga kuti?"

"Kwa iwe. Ndinkalemba za iwe."

"Ine si vinyo, Takondwa!" Sanakalipepo chikhalire, ndipo mawu ake anamudabwitsa yekha. Anawatsitsa. "Ndinali nditaganiza zosintha kathiridwe ka shuga. Nditawerenga mawu ako ndinati ayi, ndafika, ndisakhudzenso. Zigubu zatsopano zonsezi ndapanga chimodzimodzi chifukwa cha iwe."

"Ndimafuna utsale."

"Nditsale ndi nyenyezi zakuba?"

"Sizikhala zakuba."

Ndinamulanda kabotolo, ndinaluma phula n'kulilavula.

"Iwe, dikira, samwa choncho..."

Ndinali nditapendeketsa kale.

Sanafike mwamanyazi ayi. Anafika ngati mbuzi yolowa m'khitchini. Anandiwawasa mpaka m'makutu, mano anachita dzanzi, misozi inalengeza, ndinatsokomola mpaka kugwira khoma. Ndinati ndiye zimenezi, zimene anthu a m'tauni amazilembera mawu okoma aja? Koma chipwirikiticho chitadutsa, kunsi kwa lilime kunatsala kanthu kena kakang'ono, kofatsa, ngati fungo la dothi mvula yoyamba ikangodontha. Ndinatseka maso kuti ndikagwire. Kanakhala pang'ono, n'kuthawa.

Nditatsegula maso, Lyton anali akundiyang'anitsitsa ngati mlimi woyang'ana mitambo.

"Zingati?"

"Ndi koyamba, ine sindidziwa..."

"Zingati, Nambewe? Usandilembere ndakatulo."

"Zitatu. Bambo wa ku Mzuzu sananame, amathamanga. Koma kumapeto kwenikweni kuli kanthu kabwino. Kakungofunika kuphunzira kukhala."

Anaweramitsa mutu. Ndinayesa andithamangitsa. Koma mapewa ake anayamba kugwedezeka, ndipo ndinazindikira kuti akuseka, kuseka kwa munthu amene sakufuna kuseka.

"Zitatu. Chibwenzi changa chenicheni chandipatsa zitatu."

"Ndi kachidutswa."

"Kanthu kakumapetoko, kali ngati dothi?"

"Dothi lonyowa."

"Wakamva," ananong'ona. Anayandikira, n'kupukuta pambali pa mlomo wanga ndi chala chachikulu. "Milomo yako yafiira. Chidede sichichoka msanga, ukudziwa?"

Kunja dzuwa linali litapendeka, likulowa m'ming'alu ya chitseko ngati timizere ta uchi. Ndinalakalaka nthawi itaima pomwepo, ife awiri ndi zigubu zathu, opanda gulu, opanda mpingo, opanda lole.

"Tsopano ndikhoza kuwayankha a Amon kuti ndinalawa," ndinatero. "Si bodza."

"Akufunsa za tsiku lija."

"Sanatchule tsiku."

"Takondwa, ukatero zisanu zikhala, ine ndikhala, koma ndizidziwa ndekha mumtima kuti shelefu ija..."

Belu la njinga linalira panja. Ndinalidziwa belu limenelo ndisanadziwe kuyenda.

"Odi kuno!"

Ndinadziponya kuseri kwa chitseko, kabotolo kotheka kali pachifuwa. Lyton anatsegula pang'ono n'kuima pakhomo, thupi lake litatseka mpata wonse.

"Fikani, bambo."

"Sindilowa, pepani. Ndinu a Lyton?"

"Ndine, bambo."

Ndinasuzumira pa mng'alu. Bambo anali ataimika njinga, chipewa atachigwira ndi manja awiri. Sindinawaonepo atavulira chipewa munthu wa msinkhu wa mwana wawo.

"Ine ndine Mbewe, bambo wake wa Takondwa. Ndikuchokera kwa akulu anzanga. Iwo akuti mwana wanga anamwa vinyo wanu. Ine ndawauza kuti ayi." Anatembenuza chipewa chija m'manja. "Takondwa ndimamudziwa. Ali Sitandade 5 analemba za phiri la Mulanje, nkhungu yake, mathithi ake, mpaka aphunzitsi kudzandifunsa kuti tinapitako liti. Chonsecho mwanayo anali asanapitirirepo pa Njewa. Amalemba zimene walota. Mawu aja ndawawerenga bwino, ndi a munthu amene sanalawe. Ndamufunsa wakhala chete, ndiye ndadziwa kuti pali amene akumutchinjiriza."

Lyton anagwiritsa chitseko.

"Ndawauza akulu kuti ngati dontho limodzi linadutsa pakhosi pa mwana wanga, ukulu wa mpingo ndiutula Lamulungu lomweli. Iwo akuti mawu a kholo sakwanira, akufuna mboni. Ndiye ndabwera kwa mwini vinyo. Ndafunsa pa esiteti pano, onse akuti ndinu mnyamata wosanama."

Ndinadziluma milomo yofiirayo kuti ndisalire. Akati sindinamwe, wanamiza munthu amene wamuvulira chipewa, ndipo nkhani ikatuluka pa tchalitchi a Amon amufufuta. Akati ndinamwa, shelefu ndi yake, koma bambo anga atsika pa mpando wawo, ndipo amalume a ku Phalombe sadzaponda pakhomo pathu.

"Akutidikira," anatero bambo mofatsa. "Mukwera pa kaliyala, ndikupalasani ndine. Mukangonena mawu amodzi basi. Eti mwana wanga sanamwepo?"

Lyton anatsegula pakamwa. Dzanja lake lina, limene bambo sankaliona, linali kuseri kwa chitseko, litagwira langa.